Pamene Ziba alankhulira Mefiboseti

Tsiku la 2 Epulo chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira anthu amene ali ndi autism pa dziko lonse lapansi. Bungwe la United Nations ndilo linakhazikitsa tsikuli mu Disembala 2007, dziko la Qatar litapempha, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2008. Kuyambira mu 2010 anthu a m'maiko ambiri akhala akuvala malaya a buluu pa tsikuli, ndipo nyumba zikuluzikulu za m'mizinda amaziwalitsa ndi magetsi a mtundu womwewo. Uthengawu tsopano ukutipeza ngakhale kuno kwathu, pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a mipingo yathu.

Sitikunyoza ntchito imeneyi, abale. Kholo limene lakhala zaka likudabwa ndi mwana wake limapumako mtima likamva kuti chimene likuchionacho chili ndi dzina, ndiponso kuti sichili m'nyumba mwake mokha. Komatu uthenga uliwonse umayenda ndi chithunzi, ndipo mawu akaiwalika chithunzi ndicho chimatsalira m'mutu. Tsono tiyenera kufunsa kuti mwanayo akuonetsedwa motani, banja lake likuonetsedwa motani, ndipo chithunzi chimenecho chikafika kwa Champiti ku Ntcheu chikagwira ntchito yanji.

Tiyambire kumene zithunzizi zinachokera. Mu 1963 bungwe la makolo la ku London, limene lero limatchedwa National Autistic Society, linasankha chizindikiro chake: kachidutswa kamodzi ka masewera olumikiza zithunzi, ndipo mkati mwake munali nkhope ya mwana akulira. Tanthauzo lake linali lakuti mwanayu ndi chozizwitsa chosamveka, chidutswa chosowa polowa. Bungwelo linachisiya chizindikirocho, koma kachidutswako kakuyendabe pa malaya ndi pa zikwangwani m'maiko ambiri. Mu 2006 bungwe la ku America la Autism Speaks, limene linayamba mu 2005, linatulutsa filimu yotchedwa Autism Every Day. M'menemo mayi wina anafotokoza kuti nthawi ina anaganizapo zodziponya pa mlatho ndi galimoto ali ndi mwana wake wamkazi, ndipo ankanena zimenezi mwanayo ali pomwepo. Mu Disembala 2007, mwezi womwewo ndiponso mumzinda womwewo wa New York m'mene United Nations inkakhazikitsa tsiku lija, nthambi ina ya yunivesite ya New York inapachika zikwangwani zolembedwa ngati makalata a anthu oba ana, zonena kuti mwana wanu wagwidwa ndi autism ndipo sadzatha kudzisamalira moyo wake wonse. Anthu amene ali ndi autism anakwiya, motsogozedwa ndi bungwe lawo la Autistic Self Advocacy Network, ndipo zikwangwanizo zinatsitsidwa mwezi womwewo. Mu 2009 kunabweranso filimu ya I Am Autism, m'mene liwu loopsa linkalankhula ngati mdani wobisala, likulonjeza kuthetsa ukwati, kumaliza ndalama za m'nyumba ndi kuchititsa banja manyazi pagulu. Nayonso inachotsedwa anthu atadandaula.

Wina angati izi ndi zakale. Ayi ndithu. Mu Epulo 2025 nduna ya zaumoyo ya dziko la America, a Robert F. Kennedy Jr., anauza atolankhani kuti autism imapasula mabanja, ndipo anandandalika zimene ana otere sadzachita: kugwira ntchito, kukhoma msonkho, kupeza bwenzi, ena ngakhale kupita okha kuchimbudzi. Ambiri mwa anthu amene ankanenedwawo anayankha ali kuntchito kwawo.

N'chifukwa chiyani anthu ofuna kuthandiza amasankha zithunzi zoopsa chotere? Yankho lake si lovuta kwa aliyense amene anaimapo kutsogolo kupempha chopereka. Mantha amatsegula chikwama msanga kuposa chilungamo. Mwana akulira amabweretsa ndalama zambiri kuposa mwana amene wakhala phee akuwerenga miyala. Koma taonani chimene zithunzi zonsezi zikuphunzitsa: kuti mwana amene ali pamaso panuyo si mwana wanu weniweni, kuti weniweniyo anabedwa ndi china chake, ndipo chimene mwatsala nacho ndi chikhungwa chabe.

Ku New York ilo ndi fanizo, ndipo owerenga amadziwa kuti ndi fanizo. Kwa Champiti silingakhale fanizo.

Amalawi ambiri analiona dera limeneli pa kanema mu Juni 2024, pamene thupi la malemu Saulos Chilima linaikidwa m'manda ku Nsipe. Makamera anabwera, nabwerera kwawo. Anatsala ndi eni dera, alimi a chimanga ndi ndiwo zamasamba, amene matenda akawakulira ulendo wawo ndi wa kuchipatala cha paboma pa Ntcheu. Tiyerekeze mayi wa m'mudzi umodzi wa kumeneko. Mwana wake wakwanitsa zaka 4 koma salankhula. Akamuitana dzina satembenuka, chonsecho phokoso la chigayo chakutali amalimva mpaka kutseka makutu. Amatola zitsekerero za mabotolo n'kuziika pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi kumakhala kulira kosatonthozeka. Amakupiza manja akakondwa. Nsima amadya, koma ndiwo ndi zamtundu umodzi basi. Mudzi wayamba kale kupereka maina: ena akuti ngozerezeka, ena akuti ngwamwano poti sapereka moni, ena akungonong'onezana.

Chimene akunong'onezanacho tikuchidziwa tonse. M'midzi mwathu muli kale nkhani ya mwana wobedwa nzeru. Amati anamukhwimira, amati wina anamusandutsa ndondocha kuti chigayo chiziyenda kapena golosale idzaze. Tsono ngati uthenga wochokera kunja, wovala suti ndi kulankhula Chingerezi, ubwera kudzanena kuti inde mwana wanu anabedwa, anthu sadzafunsa kuti autism n'chiyani. Adzafunsa kuti wakubayo ndani. Ndipo chala chidzaloza agogo okalamba a kuseri kwa nyumba, kapena malume amene wangogula njinga yamoto, kapena mayi mwiniyo poti mwina sanasunge mwambo ali ndi pakati. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma nkhalamba zingapo zaphedwa m'maboma osiyanasiyana m'zaka zapitazi lamulolo lili m'mabuku. Ndiponso ngati wailesi inena kuti autism imathetsa maukwati, mwamuna amene ali pachikamwini, amene katundu wake yense amakwana m'chikwama chimodzi, wapatsidwa chifukwa chomveka chonyamukira. Adzati ngakhale akuluakulu a zaumoyo ananena.

Kuloza chala amayi si kwathu kokha. Dokotala Leo Kanner atafotokoza za ana 11 otere mu 1943, kunabuka chiphunzitso chakuti vutoli limayamba chifukwa cha amayi ozizira mtima ngati firiji, ndipo Bruno Bettelheim anachifalitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1960. Amayi ambirimbiri anasenza mlandu umene sanapalamule, kufikira pamene ofufuza anachitaya chiphunzitsocho. Mu 1998 Andrew Wakefield analemba mu magazini ya madokotala ya The Lancet zogwirizanitsa autism ndi katemera wa chikuku. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala ku Britain. Koma bodzalo likuyendabe m'mafoni mwathu. Mu Sepitembala 2025 a Donald Trump analangiza amayi oyembekezera kupewa paracetamol, amene kuno timamudziwa ndi dzina la panado, ponena kuti amayambitsa autism. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayankha sabata yomweyo kuti palibe umboni wotsimikizika wa zimenezo. Tikuzitchula izi chifukwa mayi wa kwa Champiti amene waleka katemera wa mwana, kapena wapirira kutentha thupi ali ndi pakati poopa panado, waika moyo pachiswe chifukwa cha mantha ochokera kutsidya kwa nyanja.

Chimene chikudziwika ndi ichi. Autism ndi mmene ubongo wa munthu unaumbikira kuyambira ali wamng'ono, ndipo mbali yaikulu ya chiyambi chake ili m'magazi a kumtundu. Si matenda opatsirana, si misala, si chilango cha kaleredwe. Palibe mankhwala oichotsa, a kuchipatala kapena a kwa sing'anga. Ngakhale bungwe la Autism Speaks linachotsa mawu onena za kuchiza pa cholinga chake mu 2016. Koma mwana amaphunzira, makamaka akayamba kuthandizidwa msanga, ndipo ena amene salankhula ndi pakamwa amaphunzira kulankhula ndi zizindikiro kapena zithunzi. Ena mwa ana amenewa amakhalanso ndi khunyu, ndipo khunyu lili ndi mankhwala ake kuchipatala. Mu 2023 bungwe la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Tikatengera chiwerengero chimenecho, mpingo wa ana 300 a Sande sukulu uyenera kuyembekezera atatu. Ngati sitikuwaona, si kuti kulibe. Ali kunyumba, ndipo amayi awo ali nawo komweko.

Pali chithunzi chachiwiri, chimene chimaoneka chokoma koma nacho n'chosocheretsa: mwana wanzeru zodabwitsa. Chinatchuka ndi filimu ya Rain Man ya 1988, ndipo chikupitirira m'masewero a pa kanema a dokotala wachinyamata amene amaona zimene anzake onse alephera kuona. Anthu otere alipodi, monga Temple Grandin wa ku America, amene anasintha kamangidwe ka makola ndi malo ophera ng'ombe. Koma ndi ochepa. Kholo limene lauzidwa kuti mwana wake ndi katswiri wobisika limadikira mphatso imene mwina sidzaoneka, ndipo ikapanda kuoneka limagwa mphwayi kawiri. Chithunzi choyamba chimati mwana alibe phindu. Chachiwiri chimati alandiridwe chifukwa ali ndi phindu. Zonse ziwiri zikumuyeza pa sikelo ya pamsika.

Onaninso amene sapezeka pa zithunzizi. Mtsikana sapezekapezeka, poti amene amazindikiridwa kwambiri ndi anyamata. Munthu wamkulu sapezeka, ngati kuti ana amenewa sakula. Mwana wa kumudzi sapezeka. Ndipo zizindikiro zimene zimalembedwa pa mapepala ongomasuliridwa kuchokera kunja zina sizigwira kwathu kuno. Pamwamba penipeni amalemba kuti mwana sayang'ana anthu m'maso. Nanga kwathu mwana woleredwa bwino amayang'ana akulu m'maso? Mwana wokhala chete pakona timamuyamikira kuti ngofatsa, ndipo wochedwa kulankhula timati ana aamuna amatero. Madokotala ogwira ntchito m'dziko muno analiona vuto lofanana ndi limeneli pa zoyezera kakulidwe ka ana, ndipo mu 2010 anatulutsa muyeso wa Malawi Developmental Assessment Tool, wogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Uthenga wa autism ukufunika ntchito yonga imeneyo, kuti mlangizi wa zaumoyo kusikelo azifunsa mafunso amene mayi angawazindikire: kodi mwanayu amakulozerani chinthu kuti nanunso muchione? Kodi amasewera zamasanje ndi anzake? Kodi mukamuitana amatembenuka?

Tisanamizane kuti zonse ndi zopepuka. Mayi tamuyerekeza uja ndi wotopa, ndipo kutopa kwake si tchimo. Mwana amene saopa ngozi angathe kuthamangira pamoto, pachitsime kapena pamsewu waukulu wa M1. Mayiyo sangapite kumunda mtima uli m'malo, sangagone kumaliro, sangakhale m'tchalitchi mpaka mdalitso. Ena amafika pomangirira mwana ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba, osati chifukwa cha nkhanza koma chifukwa manja ndi awiri okha. Akatswiri odziwa za ana otere ali kutali, ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu sakwanira sukulu zonse. Malamulo tili nawo: dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, linakhazikitsa lamulo mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lina latsopano limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Koma lamulo silikhala ndi mwana masana amodzi kuti mayi akapalire.

Apa ndi pamene zithunzi zoopsa zija zimalakwira banja koposa. Zimaonetsa misozi ya mayi, kenaka n'kuloza mwana kuti ndiye gwero la misoziyo. Chonsecho mbali yaikulu ya misoziyo ikuchokera kwa ife oyandikana naye: mphunzitsi amene wabweza mwana pakhomo la kalasi, mnansi amene waletsa ana ake kusewera naye, mwamuna amene wathawa, mtunda wa kuchipatala, ndi maso a anthu m'tchalitchi mwana akafuula pakati pa ulaliki. Chithunzi chonena zoona chikadatembenuza kamera n'kujambula ifeyo.

M'buku lachiwiri la Samueli muli nkhani imene sitiilalikira kawirikawiri. Timakonda mutu 9, pamene Davide anaitana Mefiboseti mwana wa Yonatani, wopunduka miyendo yonse kuyambira ali ndi zaka 5, namupatsa minda ya agogo ake ndi malo pa gome la mfumu, Ziba nakhala womulimira. Koma nkhaniyo ikupitirira pa mutu 16 ndi 19. Davide akuthawa Abisalomu, Ziba anamuchingamira panjira ndi abulu osenza chakudya, namuuza kuti Mefiboseti watsalira dala mu Yerusalemu poyembekezera ufumu. Mfumu sinafufuze, inapereka chuma chonse kwa Ziba pomwepo. Nkhondo itatha, Mefiboseti anaonekera ali wosameta ndi wosachapa, nafotokoza kuti anafuna kutsatira mfumu pa bulu koma wantchito wake anamunyenga ndi kumuneneza. Davide, wotopa, anamudula mawu nagawa mindayo pakati. Ophunzira Malemba amatsutsana kuti ananena zoona ndani. Chimene sitingatsutsane ndi ichi: Ziba anafika poyamba chifukwa bulu anali naye ndi iye, ndipo chiweruzo chinaperekedwa mwini nkhani kulibe.

Lero bulu ndi galimoto, kamera, Chingerezi ndi tsamba la pa intaneti. Amene ali nazo ndiwo amafika poyamba kwa opereka ndalama ndi kwa opanga malamulo. Sitikunena kuti aliyense wolankhulira ana amenewa ndi wachinyengo. Ambiri ndi makolo amene anayamba ntchitoyi ndi misozi yawo, ndipo popanda iwo bwenzi kuli zii. Koma aliyense wokwera buluyo adzifunse kuti mwini nkhani akadamva zimene zikunenedwa za iye, akadavomera kodi? Chithunzi cha mwana akudzimenyetsa pansi chikaikidwa pa Facebook sichifufutika. Adzachipeza ali ndi zaka 20, kapena adzachipeza amene akufuna kumulemba ntchito. Ndipo kusalankhula si kusamva. Akuluakulu ambiri amene ali ndi autism afotokoza kuti ankamva zonse zimene zinkanenedwa pamutu pawo ali ana. Mmodzi wa iwo, Jim Sinclair, anapempha makolo mu 1993 kuti aleke kulira maliro a mwana amene ali moyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu amenewa akhala akugogoda kwa zaka zoposa 30.

Komabe pali povuta pamene sitiyenera kupadumpha. Mefiboseti anali ndi pakamwa, ndipo tsiku lake lodziyankhira linafika. Alipo ana amene tsiku lotero silidzafika, amene adzafunika wowasambitsa ndi wowadyetsa moyo wawo wonse. Makolo a ana otere amadandaula kuti uthenga watsopano, wonena kuti autism ndi kusiyana chabe, wawaiwala iwo, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Mu 2021 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi The Lancet linapempha kuti anthu ofunika chisamaliro cha usana ndi usiku azitchulidwa padera pofuna kuti asasowe m'ndondomeko. Ena anakana ganizolo poopa kugawa anthu m'magulu a apamwamba ndi apansi, ndipo mkanganowo sunathe. Ife tikuona kuti loya amene ali ndi autism ku London sangalankhulire mwana wosalankhula wa kwa Champiti pa zonse, monganso mayi wa mwanayo sangalankhulire loyayo. Koma kunena kuti mwana akufunika chithandizo chachikulu ndi kwina, kunena kuti mwanayo ndi tsoka ndi kwinanso. Choyambacho chimaitana anthu kudzathandiza. Chachiwiricho chimawaitana kudzapepesa.

Mpingo nawo uli ndi zikwangwani zake, ngakhale sizipachikidwa pamsewu. Pa Yohane 9 ophunzira anaima pamaso pa munthu wobadwa wosaona n'kuyamba kukambirana kuti wochimwa ndani, iye kapena makolo ake, ngati kuti mwiniyo ndi chitsa. Ambuye anakana mayankho onse awiri. Funso lomwelo likufunsidwabe m'misonkhano ina ya mapemphero, ndipo likuonetsedwa pa kanema. Taganizani chimene chimachitika mwana amene makutu ake amapweteka ndi phokoso, amenenso safuna kugwidwa ndi alendo, akaikidwa patsogolo pa zokuzira mawu, amuna anayi atamupana, wina akumukuwira kukhutu. Adzafuula, adzaluma, adzagwa pansi. Ndipo khamu lidzati taonani chiwanda chikuonekera. Akatopa n'kukhala chete adzati chatuluka. Mawa lake mwana ali monga analili, koma tsopano akuopa tchalitchi, ndipo mayi wauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Kupempherera mwana ndi udindo wa mpingo, koma pemphero la chete pakhonde la kwawo silichepa mphamvu chifukwa palibe kamera.

Amayi a mvano ndi a chigwirizano amadziwa kale kugawana masiku okhala ndi wodwala. Angathe kugawananso masana a mayi uja. Mpando wa pafupi ndi khomo ungasungidwire banja limene mwana wake amafuna kutuluka ndi kulowa. Woyendetsa zokuzira mawu angathe kutsitsako. Zimenezi sizilira ndalama za kunja.

Chovuta chenicheni chili pa gome la Ambuye. M'mipingo yambiri ya Chiprotestanti munthu amafika pa mgonero atadutsa m'kalasi ndi kuyankha mafunso a katekisimu pamaso pa akulu a mpingo. Nanga mnyamata wa zaka 18, wobatizidwa ali khanda, amene sanaphonyepo Sabata, amene amang'ung'udza nyimbo zonse za m'buku koma sangayankhe funso ndi limodzi lomwe, tidzamuuza chiyani mbale ikamadutsa? Mabuku a malongosoledwe a mipingo analembedwa poganizira munthu wolankhula, ndipo m'malo ambiri nkhaniyi imathera pa kungomudumpha mwakachetechete. Ikufunika ilowe pa mndandanda wa zokambirana za akulu a mpingo, ndipo ikapitirire kumabwalo aakulu. Pokambiranapo makolo ake akhalepo, ndipo mwini wakeyo aitanidwe ndi dzina lake, ngakhale atasankha kukhala pakhomo.